Khofi wa Malemu Eusebio

Mayi Onelia atangosamukira ku mzinda wa Matanzas, makatoni asanamasulidwe n'komwe, dokotala wa m'deralo, Yanelis, anabwera kudzawalemba m'kaundula wa chipatala. Mayiwo anathira khofi m'makapu atatu.

"Mumakhala angati muno, amayi?"

Mayi Onelia anayang'ana kunja. Pakhonde, mphepo inkagwedeza mpando wa malemu amuna awo pang'onopang'ono, ngati Eusebio wangonyamukapo kumene kukaona nkhunda zake. Nthunzi ya khofi inkakwera m'kuwala kwa dzuwa.

"Ndekha, mwanangu. Koma manjawa sanamvebe."

Dokotalayo anawagwira pamkono n'kumvetsera kugunda kwa mtima, osafulumira kuwasiya. Kenako anamwa khofi wake, n'kutenganso kapu yachitatu ija n'kulawa.

"Bambowa ankakonda shuga, eti? Musasiye kuwathirira. Ndizibwera kudzamwa."