Anamuuza Kuti Adzangokhala Nambala

Panali munthu wina, katswiri wa ziwerengero, amene anzake ankamutcha Aperesenti, chifukwa ngakhale pouza mkazi wake kuti wakhuta ankatchula maperesenti. Nkhaniyi anandiuza ndi mnzake wa mu ofesi.

Ofesi yawo inachita kafukufuku wa nkhanza za m'banja. Amayi ankaopa kulankhula, koma Aperesenti ankawalimbitsa mtima: "Masukani mayi, dzina lanu silituluka. Inu mudzangokhala nambala."

Kenako anaitanidwa ku msonkhano waukulu wa akatswiri anzake kuti akafotokoze zomwe anapeza. Anasangalala mpaka anagula taye yatsopano. Pofuna kuti anthu asakawodzere, anawonjezera chitsanzo cha mayi mmodzi: zaka zake, dera lake, ntchito yake yowotcherera zitsulo, ndi zonse zimene mwamuna wake ankamuchita.

Mnzake uja ataona anati, "Achimwene, chotsani ichi. M'dera limenelo amayi owotcherera zitsulo alipo angati?"

"Dzina ndachotsa, ndiye vuto lili pati? Inu ndi nsanje basi, poti simukupita."

Ku msonkhanoko anamuwombera m'manja kwambiri. Nthawi ya tiyi, bambo wina amene sankamudziwa anamugwira chanza.

"Bwana, chitsanzo chija chandikhudza. Tanditumizirani, ndikaonetse anzanga."

Aperesenti, mutu utakula, anatumiza pomwepo osafunsa n'komwe kuti anzakewo ndi ndani. Bamboyo anaponya pa gulu la pafoni, ena n'kutumizanso kwina, mpaka zinafika kwa munthu amene mayi uja anamukonzera geti. Ameneyo anamuzindikira mayiyo n'kukaonetsa mwamuna wake.

M'mawa wina Aperesenti anapeza mayiyo atakhala pakhomo la ofesi, diso litatupa, ana ake atagwira chikwama cha zovala.

"Bambo, munati ndidzangokhala nambala. Nanga amuna anga aidziwa bwanji nambalayo?"

 Aperesenti ntchito inamuthera, koma ine zimenezo sizindimvetsa chisoni. Chimene chimandiwawa ndi mayi uja, amene anaulula chifukwa anakhulupirira. Mpaka lero, amayi a m'dera limenelo akaona anthu a kafukufuku amatseka zitseko.

Phunziro: Kufufuta dzina si kubisa munthu. Inu ogwira ntchito ndi ziwerengero, musanaonetse kapena kutumiza chilichonse ku msonkhano, dzifunseni ngati aneba a munthuyo sangamuzindikire, ndipo mnzanu akakuchenjezani mverani. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene amasunga mayankho a anthu, wina asavulazidwenso.