Paliwombo pa Achipewa

"Weramani pang'ono, abambo. Musagwedezeke."

Aphunzitsi anawerama. Anali pampando wawo wa masiku onse, pafupi ndi zenera pomwe dzuwa la masana limagwa bwino, atavala vesiti, thaulo loyera lili m'mapewa. Kumbuyo kwawo foni ya akazi awo inalira kuti khethe.

Aka kanali kachisanu ndi chitatu chiyambireni mankhwala atsopano. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse ntchito inali yomweyi, poti munthu sadziona paliwombo. Kalilole amangokuonetsa mphumi, ndipo dokotala wa khungu anali atawachenjeza kuti zala zimanama. Chokhulupirira n'chithunzi basi.

Dazi la anthu ena limabisika, koma la mphunzitsi ayi. Ntchito yake ndi yofulatira kalasi yonse n'kumalemba pabolodi, maso onse ali pankhongo pake. Tsiku lina aphunzitsiwa atatembenuka anapeza ana ali zii, chete uja wa anthu omwe akumeza kuseka. Mawa lake anabwera atavala chipewa, ndipo dzina lawo lenileni linathera pomwepo. Ngakhale aphunzitsi anzawo ankangoti Achipewa.

Mankhwala oyamba anali opaka okhaokha. Anapaka chaka chathunthu osadumphitsa, akazi awo n'kumajambula mwezi ndi mwezi. Zithunzi khumi ndi ziwiri, ndipo pa chilichonse dazi linkangokula ngati chibowo cha sokosi. Chinali chaka cha tsoka chimenecho. Ngakhale malaya awo abuluu, omwe ankati amawabwezera unyamata, anapsa ndi simbi pakati pa chakacho n'kusanduka chisanza chopukutira mazenera.

Ataona chithunzi chomaliza anataya mtima. Analemba kalata yosiya ntchito, nagona sabata yathunthu atayang'ana kukhoma, chakudya chikubwerera mmene chapitira.

"Fufutani zithunzi zonsezo," anatero.

"Ndafufuta," anayankha akazi awo. Kalata ija anaibisa pansi pa zovala, n'kuwakokera amuna awo kwa dokotala.

Dokotalayo sanazungulire. Mapiritsi m'mawa, mankhwala odonthezera pamutu madzulo, miyezi isanu ndi itatu. Zikakanika pamenepo ndiye kuti mizu inafa, ndipo palibenso china choyesa.

Mapiritsiwo sanabwere okha. Anabwera ndi chizungulire, nawalandanso aphunzitsi mphamvu za kuchipinda. Amayi sanadandaule ngakhale tsiku limodzi. Kwa wometa nako aphunzitsi anali atasiya kupita, chifukwa wometayo anali ndi pakamwa, choncho amayi ndi amene ankawameta pampando womwewu. Kwa zaka ziwiri, panalibe wina aliyense amene anaonapo paliwombopo, kupatula dokotala uja.

Koma zithunzi zinayamba kutonthoza. Mwezi wachitatu dazi linaoneka kuti labwerera pang'ono. Wachisanu, m'mphepete munali mutada. Aphunzitsi anayambanso kudya, kuimba mluzu posamba, ngakhale kuwerenga pepala la m'bokosi la mankhwala mokweza ngati akuphunzitsa. Ndipo zinachita bwino kutero, chifukwa mphunzitsi wamkulu watsopano anali atalamula kuti teremu ikayamba, chipewa chizitsala pakhomo la kalasi. Teremuyo inali kuyamba mawa.

"Nanga chithunzicho chikuchokera kunja?" anafunsa aphunzitsi, akadali chiweramire. "Inu ndi foni simudzagwirizana. Mwezi uliwonse kudinadina mpaka khosi kuuma."

"Dikirani kaye, abambo. Ndi ichi."

Analandira foniyo n'kuiyandikitsa kumaso. Mtima unakhala pansi. Tsitsi linalipo. Lopyapyala, inde, koma lakuda, lodzaza mbali zonse. Dazi lomwe linali ngati sosala linali litatsala ngati kachitsekero ka botolo.

Anaseka mpaka misozi. Anatola chipewa chija patebulo n'kuchiponya pamwamba pa kabati, komwe kumakhala zinthu zosafunikanso.

"Mwaona, amayi? Mawa ndikalemba bolodi lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Akayang'ane mpaka maso awawe! Ndipo dokotala uja ndikamugwira chanza ndi manja awiri."

Amayi sanaseke nawo. Anatenga chisanza chawo n'kuyamba kupukuta zenera lomwe anali atalipukuta kale m'mawa. Aphunzitsi sanadabwe. Akazi awo anali otero, chimwemwe chawo chinkathera m'ntchito.

"Bwanji chipewacho muvalebe sabata imodzi yokha?" anatero amayiwo chapansipansi, osatembenuka. "Ndikhoza kukawapempha akuluwo."

"Chifukwa chiyani? Umboni si uwu?"

Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri kuti alione bwino tsitsi lawo, pafupifupi kuliwerenga limodzilimodzi. Anatsika nacho mpaka pankhongo, kenako pakhosi. Pamenepo thaulo linali litatsetsereka pang'ono, ndipo pansi pake panasuzumira kansonga ka kolala.

Kolalayo inali yabuluu.

Aphunzitsi anayang'ana vesiti yomwe anavala, kenako chisanza chomwe chinali chitaima pagalasi m'dzanja la akazi awo. Zithunzi zakale zija sizinafufutidwe. Amayi ankangozionetsa chobwerera m'mbuyo, chimodzi pamwezi, ndipo zinali zitatsala zinayi.