Dzanja la a Hudson pa Okushoni

Dzanja la a Hudson linakweranso, ndipo wogulitsa pa okushoni, mzungu wa kanyundo m'manja, analiona. Analoza kwa iwo n'kutchula mtengo watsopano. 

Inali sabata yoyamba ya Luntha kusamalira nkhalambayi. A Hudson anathawa kumudzi kalekale pa nkhani za ndale, ndipo moyo wawo wonse unathera kukonza mathirakitala m'mafamu a m'mphepete mwa London. Tsopano ukalamba unali utawasokoneza mutu. Chingerezi chinawathawa, kunatsala Chichewa chokha, n'chifukwa chake kampani yosamalira okalamba inatumiza Luntha. Mwana wawo Daisy anangonena ali pakhomo, akuthamangira ku ntchito, kuti adadi amapita ku okushoni ya mathirakitala akale, kumene ogula amapikisana mitengo, kuseri kwa Upminster, wa takisi akudziwa kale. Za kugula sanatchule.

M'mawa wonse zinayenda bwino. M'shedi yaikulu ya pafamupo munadzaza azungu achikulire a majekete obiriwira, anthu osunga mathirakitala akale ngati mmene ena amasungira mbale za alendo m'kabati. Salimira ayi. Amangowapukuta n'kumawaonetsa anzawo. Mitengo yake Luntha anayesa kuisandutsa makwacha, kenaka analeka. Mayi wina anawabweretsera a Hudson tiyi, osafunsa n'komwe za shuga. Bambo wina anakankha belo la udzu kuti chikuku chawo chidutse. Luntha anathokoza Mulungu chamumtima chifukwa cha anthu otere.

Mathirakitala ena onse atagulitsidwa, analowetsa komaliza, kathirakitala kotuwa, kakang'ono, ka mpando wachitsulo. A Hudson, amene nthawi yonseyi ankasinza, anadzidzimuka ngati wina wawaitana dzina. Apa m'pamene dzanja linayamba kukwera.

"Agogo, tsitsani dzanja," Luntha ananong'ona.

"Kabwino kameneko, mwanawe. Sikavuta kuliza ngakhale kuzizire bwanji."

"Inde, koma ife tangobwera kudzaonerera."

"Iwe ndiye wabwera kudzaonerera."

Kutsogolo, bambo wa ndevu zoyera anakweza chala, mtengo n'kukwera. A Hudson anakweza dzanja, mtengo n'kukweranso. Wina wa chipewa analowererapo. Posakhalitsa kathirakitala kaja kanali katapitirira onse amene anagulitsidwa tsikulo, ndipo wogulitsayo ankangoyang'ana kwa a Hudson.

Luntha anali ataona m'mawa wonse kuti nyundo ikagunda, wogula amatengedwa kupita ku ofesi. A Hudson amakhala m'kafulati ku Barking, moyo wa penshoni. Luntha anadziona ataima pamaso pa manijala, akufunsidwa kuti zinatheka bwanji munthu wosokonezeka mutu kugula thirakitala iye ali pomwepo. Viza yake inali m'manja mwa kampaniyo. Ntchito ikatha, ndiye kuti vizanso yatha, chotsatira ndi ndege.

Anaimbira Daisy. Foni inaitana mpaka kuduka. Anagwira chikuku kuti awatulutse, koma a Hudson anali atamanga kale mabuleki, dzanja lamanzere litakanirira pachitsulo.

Ku kosi ya ntchitoyi anawauza mobwerezabwereza kuti wodwala sagwidwa mokakamiza. Kwawo anamulera kuti wamkulu sagwidwa mkono ngati mwana. Ndiye anachita chimene ankadziwa. Anagwada pasimenti pambali pa chikuku, natenga dzanja lamanja la a Hudson ndi manja ake onse awiri, mutu atazolika, ngati akupereka moni kwa apongozi. Woona akanati ndi ulemu. Koma iye anali atalipanikiza dzanjalo pabondo lawo.

Wa ndevu uja anakwezanso chala. Wogulitsa anatchula mtengo, nayang'ana kwa a Hudson.

Dzanja linayesa kupulumuka m'manja mwa Luntha. Linali louma, la mafupa okhaokha, koma mphamvu za makaniko zinali zikadalimo.

"Ndisiye," anatero a Hudson.

"Pepani, agogo. Pepani."

"Ndisiye, akatenga." Mawu awo olira anamveka shedi yonse.

Ambuye, nyundo igunde, anapemphera Luntha. Kapite kwa wa ndevuyo, ife tizipita kwathu.

Wogulitsa anaitana koyamba. Anaitana kachiwiri. Nyundo inakwera m'mwamba, n'kukhala momwemo. M'shedi munati zii, moti Luntha ankamva mvula ikuwaza pamalata. Atadzutsa maso anaona kuti onse atembenuka. Sankayang'ana thirakitala. Ankayang'ana manja ake. Mayi wa tiyi uja anali ataima, foni m'manja, nkhope yosamwetulira.

Apa Luntha anazindikira kuti kugwada kwake sikunanamize aliyense. Iwo ankaona wantchito akupanikiza nkhalamba yolira. Akalisiya dzanjalo, a Hudson agula thirakitala. Akapitiriza kuligwira, anthu awa amunenera. Konsekonse kunali ndege. Pemphero lija linatsala mawu amodzi okha, Ambuye, Ambuye.

Wa ndevu uja anachoka pamalo pake. Anabwera pang'onopang'ono, majombo akugogoda pasimenti, anthu akumupatsa njira. Atafika anavula chisoti, nanjuta movutikira mpaka nkhope yake inayang'anizana ndi ya Luntha. Analankhula Chingerezi chapansipansi, kuti a Hudson asamve.

"Mayi, dzina langa ndi Oswald. Chonde lisiyeni dzanjalo. Kathirakitalako ndi kawo, ife timangowasungira kuno. Mwezi uliwonse timakagulitsa komaliza, mwasewero chabe, ndipo palibe amapita kunyumba iwo asanapambane. Lero ndi tsiku langa loluza."