Kabango Konyowa

Kutada ndinalowa m'chipinda cha malemu bambo kukayeserera sakisofoni yawo, chitoliro chachitsulo chouzira. Ndinali nditalonjeza kukaimba paukwati wa mng'ono wanga. Bokosi lake linali lisanatsegulidwe chiwaikireni m'manda.

Kabango ka pouzira chitolirocho ndinakapeza komangidwa kale, konyowa, kofunda. Bambo ndiwo ankandinyowetsera kabango m'kamwa mwawo ndisanayambe kuimba, ankati ndine waphuma.

Ndinauzira liwu limodzi lalitali. Linkanjenjemera. Kenako panabwera lina lakuya, lodekha, n'kulichirikiza langalo. Mpweya utandithera, linalo linapitirirabe.

Amayi anaitana ali kukhitchini, "Bambo ake, musamutopetse mwanayo."

Mbale zimene ankatsuka zinasiya kulira. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi, "Mwanawe, uli ndi ndani mmenemo?"

Liwu lakuya lija linali lisanathe.