Wailesi Yokana Kuchira

Mmisiri wokonza mawailesi anatsegulanso wailesiyo kumbuyo, thukuta lili kamukamu. Kachipinda kake kogwirira ntchito kanalibe zenera. Mashelefu odzaza ndi mawailesi akufa anamupanikiza uku ndi uku, moti pofuna kutembenuka ankayamba wabweza mimba.

Wailesiyo inali yamakedzana, ya bokosi lathabwa, yoyendera mavalavu, timababu tagalasi tokweza mawu. Mwini wake, mayi wina wamasiye, anangopempha chinthu chimodzi: kabatani kosinthira kamvekedwe kagwirenso ntchito, mawu azimveka bwino ngati kale.

Koma mawu ankatuluka ngati munthu akulankhulira m'chidebe. Besi yokhayokha, mawu okhuthala aja. Mawu akuthwa, ziii.

Mawailesi amenewa iye ankawadziwa ngati ana ake. Opanga ena ankangoika kachipangizo kamodzi kotchedwa kapasita pafupi ndi valavu yomaliza, kuti izimeza mawu akuthwa. Ena ankailumikiza ku kabatani kopotokola. Enanso ankabweza mawu pang'ono kuchokera ku sipika kuti akasefedwe kachiwiri. Njira zonsezi anaziyesa. Anachotsa kapasita yakale, naika yaing'ono. Palibe chinasintha. Anaika yocheperapo. Chimodzimodzi. Pomaliza anangoidula n'kuitaya pansi.

Kutuluka panja sankafuna. Mwana wake wamkazi anali atanena kale kuti zakwana, atseke shopu, akakhale kwa iye m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Kubweza wailesi yosachira kukanakhala kuvomera kuti ntchito yamukanika. Ndiye ankadyera momwemo, chitseko chili chotseka, utsi wa mtovu wowotcherera ukumuwawa m'maso.

Masana a tsikulo anaona kuwala kutagwera patebulo. Chitseko chinali chitatsegulidwa, ndipo pakhomo panaima mwana wake uja.

"Usayambe," anatero mmisiriyo, maso ali pa mawaya. "Vuto ndalipeza. Ndi sipika, yatopa. Ndikaika ina, mawa lomweli ichira. Ukawauze mayi aja asataye mtima."

Mwanayo analowa. Anadzipanikiza pakati pa mashelefu, nkhope atakwinya, nazimitsa wailesi. Kenako anagwada, nagwira manja a bambo ake, n'kudikira mpaka atamuyang'ana kumaso. Analankhula pang'onopang'ono.

"Bambo, wailesiyi ikulira mokuthwa ngati wezulo. A telala a khomo linalo mpaka asamutsira makina awo panja. Mawu mukuwafunawo alipo, ochuluka zedi. Mawa tipite kuchipatala akakuoneni makutu."