Kansapato Pambali pa Kandulo

"Kansapato ka mwana wanga kakutani apa?" anafunsa mayi wina.

Kanasowa miyezi iwiri yapitayo. Lero wakapeza m'nyumba mwa aneba ake, atelala achibuda aja, kali pashelefu pakati pa kandulo ndi kafano ka Buda.

"Ndinakatola pakhonde, amake mwana," anayankha atelalawo osaleka kusoka. "Ndimakayang'ana ndikamasinkhasinkha. Kamandikumbutsa kuti palibe chokhalitsa, ngakhale mwana amene."

"Ngakhale mwana? Wanga uja mukufuna kumutani?"

Anakatsomphola n'kuthamangira kwawo. Anapeza mwana ali mtulo, akupuma bwinobwino. Anamugwira pachipumi, thupi silinali lotentha. Mtima utakhala m'malo, anati amuveke kansapatoko.

Anakankha, n'kukankhanso. Chidendene chinakana kulowa.