Mphaka Wabwerera Pakhomo

Laston anaima pakhomo, thumba lili m'manja. Mphaka yemwe anakamutaya ku Kabudula Lolemba, chifukwa choba usipa wa alendo, anali atakhala pakhonde, thupi lonse fumbi lokhalokha, khoswe wonenepa ali kukamwa.

"Ulendo uno ndikamuponya mu mtsinje wa Bua," Laston anatero.

Mkazi wake, Rute, anasiya kuswa mtedza.

Mphaka uja anadzuka mosafulumira, mchira uli m'mwamba, n'kumudutsa Laston ngati sakumuona. Anaika khoswe uja pamapazi pa Rute, kenako n'kuyamba kudzinyambita.

"Mwaona, bambo a Ulemu? Masiku anayi okha amene wachoka, makoswe aboola matumba awiri a mbewu. Nanga misampha yanu ija yagwira chiyani?"

Rute anapitiriza:

"Pano ndi pamudzi pa amayi anga. Ameneyu anabwera yekha kudzakhala nafe, monga munachitira inu, ndipo ntchito yake ikuoneka." Rute anasisita mphaka uja pamsana, akumwetulira. "Kuno mkamwini wolimbikira sitimuika m'thumba."

Laston anayang'ana thumba lija kwa kanthawi. Kenako analipinda bwinobwino, n'kulikhalira.